Cairo: Kamba Wachitsulo Amene Anagona Zaka 102 M'matope a Yazoo

Pa 12 Novembala 1956 amuna atatu anakwera kabwato pamtsinje wa Yazoo, m'chigawo cha Mississippi ku America. Sananyamule ukonde kapena mbedza. M'kabwatomo munali mapu akale a nkhondo, ndodo zazitali zachitsulo ndi kampasi yaing'ono yoika m'thumba. Edwin Bearss anali katswiri wa mbiri yakale pamalo osungirapo mbiri ya nkhondo ku Vicksburg, Warren Grabau anali wodziwa za miyala ndi nthaka, ndipo Don Jacks anali wantchito wapamalo omwewo, munthu woudziwa bwino mtsinjewo. Kampasi ija anaikhazika pansi m'bwatomo n'kumayenda pang'onopang'ono, maso onse ali pa muvi wake. Atafika penapake pafupi ndi gombe, muvi uja unaleka kuloza kumpoto n'kupotolokera kwina, ngati kuti wina waukoka kuchokera pansi pa madzi. Anamiza ndodo zija m'matope, ndipo zinagunda chitsulo.

Chimene anapeza tsiku limenelo chinali Cairo, sitima yankhondo yoyendera nthunzi imene inamira mu Disembala 1862, nkhondo yapachiweniweni ya ku America ili pachimake. Sitimayi sinathe ngakhale chaka chimodzi ili pantchito, ndipo palibe nkhondo yaikulu imene inapambana yokha. Komabe mwa sitima zisanu ndi ziwiri zimene zinakonzedwa mofanana nayo, ndi yokhayi imene munthu angaione ndi maso lero. Matope amene anaimeza ndi amene anaisunga, pamodzi ndi zinthu za anthu wamba amene ankagona, kudya ndi kukhetsa thukuta m'kati mwake.

Mtsinje umene aliyense ankaufuna

Nkhondoyi inabuka pa 12 Epulo 1861, pamene ankhondo a Kummwera anawombera linga la Fort Sumter. Zigawo 11 zakummwera zinadzipatula ku United States n'kudzitcha Confederacy, ndipo muzu wa mkanganowo unali ukapolo. Pa kalembera wa mu 1860 akapolo m'dzikomo analipo pafupifupi 4 miliyoni, ochuluka a iwo akulima thonje limene linkadyetsa mafakitale a nsalu ku Britain. Pa zaka zomwezi David Livingstone anali pamtsinje wa Shire ndi sitima yake ya nthunzi yotchedwa Pioneer, akuyembekeza kuti thonje lolimidwa ndi anthu aufulu kuno likanachepetsa mphamvu ya thonje la akapolo la ku America. Pioneer inkangotitimira mumchenga wa Shire chifukwa inkalowa kwambiri m'madzi. Vuto lomweli ndi limene linkazunguza mitu ya akuluakulu a nkhondo a Kumpoto.

Mtsinje wa Mississippi unali msewu waukulu wa dzikolo. Amene akanaugwira kuyambira kumtunda mpaka kunyanja akanadula dziko la Kummwera pakati, n'kutseka njira ya ng'ombe, chakudya ndi katundu wochokera ku Texas, Arkansas ndi kumadzulo kwa Louisiana. A Kummwera ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake anamanga malinga a mizinga paliponse pamene gombe linali lokwera. Sitima zankhondo zapanyanja sizikanathandiza kumtunda kwa mtsinjewo poti zinkafuna madzi akuya. Panafunika sitima yamtundu wina: yapansi pophwatalala, yotha kuyenda pamadzi osaya, koma yolimba moti n'kuima maso ndi maso ndi linga.

Amene analandira ntchito yokonza sitimazi anali James B. Eads wa ku St. Louis, munthu amene anapeza chuma chake povuula sitima zomira mu Mississippi ndipo ankadziwa pansi pa mtsinjewo chifukwa choyendapo yekha ndi zida zomirira. Pulani inajambulidwa ndi Samuel M. Pook. Pa 7 Ogasiti 1861 Eads anasaina pangano ndi boma lokonza sitima zisanu ndi ziwiri pa mtengo wa madola 89,600 iliyonse, ndipo anayenera kuzipereka pofika pa 10 Okutobala. Matabwa anali adakali mitengo m'nkhalango, chitsulo chinali chisanasulidwe. Eads analemba amisiri zikwi zingapo amene ankagwira ntchito usana ndi usiku, Lamlungu lomwe. Sitima zinayi zinakhomedwa ku Carondelet, pafupi ndi St. Louis, ndipo zitatu, Cairo, Cincinnati ndi Mound City, zinakhomedwa ku Mound City m'chigawo cha Illinois. Tsiku la pangano linapitirira, koma pofika mu Januwale 1862 zonse zinali pamadzi zili ndi mizinga yake. Iliyonse inapatsidwa dzina la mzinda wa m'mbali mwa mtsinje. Cairo wa nkhani yathuyi si likulu la dziko la Egypt, ndi tauni ya ku Illinois imene ili pamathiriro pamene mtsinje wa Ohio umalowa mu Mississippi.

Maonekedwe a kamba

Anthu ataziona anazitcha akamba a Pook, ndipo dzinalo linaziyenera. Cairo inali yotalika mamita 53, mulifupi mwake pafupifupi mamita 16, koma inkalowa m'madzi osakwana mamita awiri. Pamwamba pake panali chinyumba chamakoma opendekera m'kati, kuti chipolopolo cha mzinga chikagunda chizitsetsereka. Kutsogolo ndi m'mbali mwa injini makomawo anakutidwa ndi chitsulo chokhuthala masentimita opitirira 6, ndipo kuseri kwa chitsulo chakutsogolo kunali matabwa ochindikala kwambiri oti azilandira mphamvu ya chipolopolo. M'makomamo munali mazenera 13, lililonse ndi mzinga wake: itatu kutsogolo, inayi mbali iliyonse, iwiri kumbuyo. Gudumu lopalasa madzi, lotalika pafupifupi mamita 7, analibisa m'kati chakumbuyo kuti adani asaliphwanye. Popeza sitima zonsezo zinali zofanana ngati mapasa, iliyonse anaipaka mzere wa mtundu wakewake pamachumuni. Wa Cairo unali wotuwa.

Chitsulo n'cholemera, ndipo sitima yoyenda pamadzi osaya singanyamule chochuluka. Motero amisiri anateteza mbali zimene ankayembekeza kuti mdani adzalasa, n'kusiya denga, kumbuyo ndi pansi zili matabwa okhaokha. Mu 1861 maganizo amenewa anali omveka, pakuti aliyense ankadziwa kuti mdani amabwera kutsogolo, ali ndi mzinga.

Mtima wa sitimayi unali maboila asanu, migolo yaitali yachitsulo yowiritsira madzi, imene inkapereka nthunzi ku injini ziwiri. Moto ukakolera bwino inkadya malasha pafupifupi tani imodzi pa ola, ndipo malasha onsewo ankaponyedwa m'ng'anjo ndi anthu, fosholo ndi fosholo. Taganizani munthu ali pansi pa chinyumba chachitsulo m'chilimwe cha ku Mississippi, ng'anjo ikuyasama patsogolo pake, phulusa lili m'maso, pamwamba pa mutu wake mizinga ikugunda ndipo utsi wa wonga ukutsikira kwa iye. Iye saona mdani, sadziwa ngati akupambana kapena akugonja. Chake n'kumva belu la woyendetsa ndi kuponya malasha. Nthunzi imene ankaisamalirayo inali yoopsa kuposa zipolopolo. Pa 17 Juni 1862, pamtsinje wa White ku Arkansas, chipolopolo chimodzi chinaboola sitima ya Mound City n'kuphulitsa thanki ya nthunzi, ndipo anthu oposa 100 anafa, ena atapsa, ena atadziponya m'madzi pothawa nthunziyo. Aliyense wa mu Cairo anamva za tsoka la anzakewo, ndipo ankadziwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

M'sitimamo munkakhala anthu pafupifupi 175. Ambiri sanali amalinyero obadwa nawo. Anthu ankasowa, moti boma linatola oyendetsa mabwato amalonda, alimi, asilikali apamtunda ndi alendo ongofika kumene kuchokera ku Ireland, Germany, England ndi maiko ena a ku Ulaya. Nkhondo itatsikira kummwera, akapolo othawa m'minda ya thonje anayamba kufika m'magombe n'kumakodola sitima za Kumpoto, ndipo ambiri analembedwa ntchito m'sitima zapamtsinje, kawirikawiri ntchito yolemetsa ya malasha ndi moto, pa malipiro otsika. M'nkhondo yonseyi anthu akuda pafupifupi 18,000 anatumikira m'sitima zankhondo za Kumpoto. Kwa iwo nkhondoyi inali ya moyo wawo weniweni, pakuti kugwidwa kunatanthauza kubwerera kuukapolo kapena kuphedwa.

Kuyambira ku Nashville mpaka ku Memphis

Kaputeni woyamba wa Cairo anali Nathaniel Bryant, ndipo gulu lonse la sitima linkalamulidwa ndi Andrew H. Foote. Pa nthawiyo sitimazi zinali m'manja mwa asilikali apamtunda ngakhale kuti oziyendetsa anali akuluakulu a nkhondo yapamadzi. Mu Febuluwale 1862 zinzake za Cairo zinathandiza Ulysses S. Grant kulanda malinga a Fort Henry ndi Fort Donelson, koma Cairo panalibe pa nkhondo ziwirizo. Ntchito yake yoyamba inali kukwera mtsinje wa Cumberland malingawo atagwa, kukafika ku Clarksville, kenaka pa 25 Febuluwale n'kuperekeza asilikali amene analowa mumzinda wa Nashville. Ili linali likulu loyamba la chigawo cha Kummwera kugwa m'manja mwa a Kumpoto, ndipo linagwa popanda kumenyana.

Mu Epulo Cairo inatsikira ku Mississippi kukathandiza kuzinga linga la Fort Pillow, limene linkatchinga njira ya ku Memphis. Ntchito ya kumeneko inali yotopetsa. Tsiku ndi tsiku bwato lonyamula mzinga waukulu woponya mabomba m'mwamba linkakokedwa kupita pafupi ndi linga, sitima imodzi yachitsulo n'kumalilondera, zinazo zitakocheza kumtunda. Chinthu chikachitika kawirikawiri, tcheru chimachepa. M'mawa wa pa 10 Meyi 1862, pamalo okhota otchedwa Plum Point, sitima zisanu ndi zitatu za Kummwera motsogozedwa ndi J. E. Montgomery zinatulukira mwadzidzidzi. Zinali sitima zamalonda zolimbitsidwa kumphuno kuti zizigunda zinzake ngati nkhosa yamphongo. Cincinnati, imene inali paulonda, inagundidwa kangapo n'kumira pamadzi osaya. Mound City, imene inathamangira kukathandiza, inabooledwa n'kumira nayonso. Sitima zina zinachedwa chifukwa nthunzi inali isanakwere. Cairo inafika nkhondo ili m'kati, inawombera ndi mizinga yakutsogolo, ndipo adaniwo anabwerera kunsi kwa linga lawo. Sitima ziwiri zomirazo zinavuulidwa n'kukonzedwanso, koma phunziro linali litaperekedwa: kamba uja anali wolimba pamsana, wofewa pamene pakhudza madzi.

Pa 4 Juni a Kummwera anasiya Fort Pillow, ndipo pa 6 Juni magulu awiriwa anakumananso kutsogolo kwa mzinda wa Memphis. Montgomery analibe malasha okwanira kuti athawire ku Vicksburg, choncho anasankha kumenya. Anthu zikwizikwi a mumzindawo anakhamukira pagombe lokwera m'bandakucha kudzaonerera. Kumbali ya Kumpoto, kumene tsopano kunkalamula Charles H. Davis, kunali sitima zachitsulo zisanu, Benton, Carondelet, Louisville, St. Louis ndi Cairo, pamodzi ndi sitima zogunda za Charles Ellet, zimene ziwiri mwa izo, Queen of the West ndi Monarch, zinadutsa pakati pa zinzakezo n'kukalowa m'gulu la adani. Pasanathe maola awiri, mwa sitima zisanu ndi zitatu za Kummwera imodzi yokha, General Earl Van Dorn, ndi imene inapulumuka. Zinazo zinamira, kupsa kapena kugwidwa. Ellet analasidwa pabondo ndipo anamwalira patapita milungu iwiri. Memphis inagonja tsiku lomwelo. Ili ndilo tsiku lalikulu kwambiri pa moyo wankhondo wa Cairo.

Miyezi yotsatira inali ya ulonda. Sitimayi inkayendayenda pamtsinje, kuteteza Fort Pillow ndi kuyang'anira mabwato ozembetsa katundu. Mdani wamkulu wa chilimwe chimenecho anali udzudzu ndi madzi akumwa. Malungo ndi kamwazi zinagwetsa anthu ochuluka m'gulu lonse la sitima kuposa amene anagwa ndi mfuti. Pa 1 Seputembala boma linathetsanso kachasu amene amalinyero ankapatsidwa tsiku lililonse, ndipo pa 1 Okutobala sitima zonsezi zinachoka m'manja mwa asilikali apamtunda n'kupita kwa a nkhondo yapamadzi, pansi pa David Dixon Porter. Bryant nayenso anadwala n'kutula udindo.

Amene analowa m'malo mwake anali Thomas O. Selfridge Jr., mnyamata wa zaka 26, wolimba mtima ndi wofulumira pochita zinthu. Miyezi ingapo m'mbuyomo, pa 8 Malichi 1862, iye anali m'sitima yamatabwa ya Cumberland pamene inamizidwa ndi sitima yachitsulo ya Kummwera yotchedwa Virginia ku Hampton Roads, ndipo anapulumuka. Ankadziwa zimene chipolopolo chimachita pa thabwa, motero analamula kuti njanji zakale zikhomedwe m'mbali zakutsogolo za Cairo pamene panalibe chitsulo. Njanji zimenezo zilipobe mpaka lero.

Mphindi 12 pamtsinje wa Yazoo

Chakumapeto kwa 1862 maso onse anali pa Vicksburg, mzinda wa pamtunda wokwera umene mizinga yake inkatseka Mississippi. William T. Sherman anakonza zoukira mzindawo kuchokera kumpoto, ndipo asilikali ake anayenera kudzera mu Yazoo, mtsinje wopapatiza, wokhotakhota, wa madzi ofiirira ndi mitengo yowirira mbali zonse. Ntchito ya sitima inali kuyamba zalambula njira.

A Kummwera analibenso sitima zoti n'kulimbana ndi akamba aja. Chimene anali nacho chinali nzeru ya munthu wosauka. Zedekiah McDaniel ndi Francis Ewing, pansi pa ulamuliro wa Isaac N. Brown, anatenga mabotolo aakulu agalasi a malita pafupifupi 19, amene nthawi zonse ankasungiramo zakumwa, n'kuwadzaza wonga. Anawamangirira ku zidutswa za mitengo yoyandama ndi zolemera zowakokera pansi, kuti akhale obisika pang'ono kunsi kwa madzi. Pa nthawiyo mabomba otere ankatchedwa matopido, ndipo akuluakulu ambiri a nkhondo yapamadzi ankawanyoza kuti ndi zida za amantha. Kwa zaka zambiri mabuku akhala akunena kuti mabombawa ankaphulitsidwa ndi magetsi ndi anthu obisala pagombe. Ofufuza ena apambuyo pake amati mabotolowo ankalumikizidwa awiriawiri ndi waya, ndipo sitima ikakoka wayayo inkadziphulitsira yokha.

Pa 11 Disembala sitima ziwiri zopepuka, Marmora ndi Signal, zinakwera Yazoo n'kuona zinthu zokayikitsa pamadzi, ndipo chimodzi chinaphulika pafupi nazo. Henry Walke, amene ankalamula gululo, anavomera kuti zibwererenso m'mawa mwake kukachotsa mabombawo, motetezedwa ndi Cairo, Pittsburg ndi Queen of the West. Malangizo ake anali omveka: mabwato ang'onoang'ono opalasa ndi manja atsogole, afufuze ndi kudula mawaya, ndipo sitima zazikulu zisalowe pamadzi amene sanafufuzidwe.

Pa 12 Disembala 1862, dzuwa litatsala pang'ono kufika paliwombo, gululi linali litakwera makilomita pafupifupi 25 kuchokera pamathiriro a Yazoo. Marmora, imene inali patsogolo, inaima, ndipo anthu ake anayamba kuwombera ndi mfuti chinthu choyandama pamadzi. Selfridge atamva mfutizo anaganiza kuti anzake aukiridwa kuchokera pagombe, ndipo anapititsa Cairo patsogolo. Atazindikira chimene chinkachitika anatsitsa bwato kuti likathandize kufufuza, koma mtima wake sunali wodikira. Analamula kuti Marmora ipitirire, nayonso Cairo inayamba kusuntha. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo tsiku limenelo kudekha kunasowa.

Mabomba awiri anaphulika motsatizana, limodzi mwa iwo kunsi kwa mphuno ya sitimayo. Sitima yolemera matani mazanamazana inanyamuka ngati chikuni, anthu anagwa pansi, ndipo madzi anayamba kulowa mwamkokomo kudzera m'chibowo chachikulu chapansi. Selfridge anailozetsa kugombe, amalinyero anamangirira chingwe kumtengo, mapampu anagwira ntchito, koma madzi anafika kung'anjo n'kuzimitsa moto. Queen of the West inayandikira n'kuyamba kunyamula anthu. Mmodzi mwa otsiriza kutuluka anali George Yost, mnyamata wa zaka 15 amene ankalemba zochitika za tsiku ndi tsiku m'kabuku kake, ndipo kabukuko ndi umboni wina waukulu wa moyo wa m'sitimayi. Patatha mphindi 12 Cairo inali itakhala pansi, pamadzi akuya mamita 11, nsonga za machumuni ndi mtengo wa mbendera zokha zikuoneka. Ena anavulala, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anafa. Queen of the West inagwetsa machumuni aja kuti adani asadziwe pamene yagona n'kudzavuula mizinga yake.

Umu ndi mmene sitima yoyamba yankhondo yachitsulo inamizidwira ndi bomba la m'madzi. Chombo chimene chinadya madola zikwi makumi ambiri ndi thukuta la amisiri ochuluka chinagonja kwa mabotolo awiri agalasi. Kuyambira tsiku limenelo panalibenso kaputeni wa pamitsinjeyo amene ankayang'ana pagombe pokha, aliyense anayamba kuopa zimene zili kunsi kwa madzi. Mu Julayi 1863 mnzake wa Cairo, St. Louis, imene inali itasinthidwa dzina kukhala Baron De Kalb, inamira mu Yazoo momwemo ndi bomba la mtundu womwewo.

Porter sanamuimbe mlandu Selfridge. Anam'patsa sitima ina, Conestoga, imenenso inadzamira mu Malichi 1864 itawombana ndi inzake. Iye anapitiriza ntchito mpaka kufika pa udindo waukulu ndipo anamwalira mu 1924. Sherman anaukira ku Chickasaw Bayou kumapeto kwa Disembala 1862 n'kubwezedwa ataluza anthu ambiri. Pa 1 Januwale 1863, patangotha masiku 20 Cairo itamira, chilengezo cha Abraham Lincoln chomasula akapolo m'zigawo zogalukira chinayamba kugwira ntchito. Vicksburg inagonja pa 4 Julayi 1863, Port Hudson pa 9 Julayi, ndipo Mississippi yense anatseguka. Ntchito imene akamba a Pook anakonzedwera inatheka, Cairo ili pansi pa madzi. Nkhondo itatha mu 1865, zinzake zotsala zinagulitsidwa ndipo m'kupita kwa nthawi zinatheratu.

Kuvuulidwa

Chaka ndi chaka Yazoo ankasefukira n'kusiya matope pamwamba pa sitimayo, mpaka inakwiririka. M'matope otere mpweya sulowa, choncho matabwa, zikopa ngakhale zakudya za m'mabotolo sizinawole msanga. Amene ankadziwa malo ake anamwalira mmodzimmodzi, ndipo nkhaniyo inasanduka ya m'maluwa, yongosimbidwa ndi asodzi, kufikira tsiku lija la kampasi.

Kupeza kunali kosavuta poyerekeza ndi kuvuula. Omira m'madzi ankagwira ntchito mumdima wa bii, akungopapasa ndi manja chifukwa cha kuda kwa madzi. Mu 1960 anatulutsa kanyumba kachitsulo ka woyendetsa pamodzi ndi mzinga umodzi uli pachotengera chake chamatabwa, ndipo anthu a ku Mississippi ataona zimenezi anayamba kusonkha ndalama kuti sitima yonse itulutsidwe. Mu 1964 anakumba matope ozungulira, n'kulowetsa zingwe zazikulu zachitsulo kunsi kwake kuti ainyamule yathunthu. Apa panachitika zomvetsa chisoni. Sitimayo inali yolemera kwambiri ndi matope, matabwa anali atafewa, ndipo zingwe zija zinaicheka ngati mpeni. Zinthu zambiri zinakhuthukira mumtsinje n'kutayika. Sakanachitira mwina koma kuidula m'zigawo zitatu, ndipo chigawo chotsiriza chinatuluka pa 12 Disembala 1964, patatha zaka 102 ndendende chimirire.

Mavuto sanathere pamenepo. Mu 1965 zidutswazo zinatengedwa kupita kumalo okonzera sitima a Ingalls ku Pascagoula, kumene chitsulo chinachotsedwa n'kutsukidwa, matabwa n'kumathiridwa madzi kuti asang'aluke. Ndalama zinatha, ndipo matabwawo anakhala padzuwa ndi pamvula zaka zoposa khumi, akuwola pang'onopang'ono. Zimene matope anasunga zaka zana, anthu anatsala pang'ono kuziwononga m'zaka khumi. Bearss analemba mbiri ya sitimayi m'buku lotchedwa Hardluck Ironclad, limene linatuluka mu 1966, ndipo dzinalo limanena za sitima yatsoka. Mu 1972 nyumba ya malamulo ya dzikolo inavomera kuti boma liitenge, mu 1977 inabwerera ku Vicksburg, ndipo nyumba yoonetsera zinthu zake inatsegulidwa mu 1980. Amisiri anamanga mafupa atsopano amatabwa n'kubwezeretsapo zonse zakale zimene zinatsala: chitsulo chakutsogolo, njanji za Selfridge, mizinga, maboila, injini ndi mafupa a gudumu lija. Munthu lero amalowa m'kati mwake, ndipo chakumphuno amaona pamene bomba linang'amba.

Zimene matope anasunga

Anthu aja anali ndi mphindi 12 zokha, choncho anathawa ndi zovala za m'thupi, zina zonse n'kuzisiya pamene zinali. N'chifukwa chake Cairo ndi yamtengo wapatali kuposa sitima zimene zinapambana nkhondo zambiri. Mabuku a boma amasunga mayina a akaputeni, masiku a nkhondo ndi chiwerengero cha zipolopolo. Matope a Yazoo anasunga nsapato zimene munthu anavula asanalowe pantchito, malezala ometera, zipeso, makandulo, mabotolo a mankhwala a dokotala, mabotolo a tsabola wothira pa chakudya chosakoma cha m'sitima, unyolo womangira osamvera, belu lamkuwa limene linkawadzutsa, mbale zachitsulo, makapu ndi masupuni.

Pa zinthu zonsezi, mbale ndi masupuni ndi zimene zimagwira mtima. Zinali zofanana zonse, zogawidwa ndi boma, ndipo pamene anthu 175 akudyera malo amodzi supuni imasowa msanga. Choncho amalinyero ankatenga mpeni kapena msomali n'kukanda chizindikiro pa ziwiya zawo. Wodziwa kulemba ankalemba dzina kapena zilembo zoyamba za dzina lake, wosadziwa ankakanda kachizindikiro kake koti akakaona adziwe kuti ichi n'changa. Sankalembera mbiri. Ankangofuna kudya ndi supuni yawo madzulo amenewo.

Pafupi ndi pamene Cairo yakhazikidwa pali manda a asilikali a Vicksburg, mmene munaikidwa ankhondo a Kumpoto pafupifupi 17,000. Mwa iwo, pafupifupi 13,000 sadziwika mayina, pamanda awo pali timiyala tokhala ndi nambala basi. Nkhondo imene inapha anthu oposa 600,000 n'kuthetsa ukapolo ku America inamenyedwa ndi anthu otere, amene ambiri a iwo dziko silinasunge ngakhale dzina. Mlendo akachoka kumandako n'kuyenda mapazi owerengeka kulowa m'nyumba ya Cairo, amaweramira pagalasi n'kuwerenga, pa chogwirira cha supuni yakuda ndi dzimbiri, zilembo zimene munthu wina anakanda ndi dzanja lake mu 1862.